Ziwengo Zobwera ndi Dzuwa: Zoyenera Kudziwa Pakhomo

Pali anthu ena, ochepa zedi, amene khungu lawo siligwirizana ndi kuwala kwa dzuwa. Akangotuluka panja, pasanathe mphindi 5 kapena 10, paliponse pamene dzuwa lawomba pamayamba kuyabwa ndi kunyerenyetsa, kenaka pamabuka ziwengo zotupa ngati munthu wadutsa m'chitedze. Akalowa m'nyumba, ziwengozo zimaphwa zokha. Pakapita ola limodzi kapena awiri khungu limasalalanso, popanda chipsera. Madokotala amawatchula matendawa kuti solar urticaria, ndipo ndi osowa kwambiri: pa anthu 100 ovutika ndi ziwengo zotupa za mitundu yonse, amene vuto lawo ndi dzuwa safika ngakhale mmodzi. Angagwire mwana kapena wamkulu, wakuda kapena woyera, koma kawirikawiri amayamba munthu ali ndi zaka za pakati pa 20 ndi 40, ndipo amayi ndiwo amapezeka nawo kwambiri kuposa abambo.

Kuyabwako kumawawa, koma chowawa koposa n'kusakhulupiriridwa. Munthu wadzuka bwinobwino, wapita kumunda ndi anzake, dzuwa litangokwera akuti thupi latupa, wabwerera. Oweruka masana amampeza ali pakhonde, khungu lopanda kanthu, ndipo mawu sachedwa kutuluka: akuthawa khasu ameneyu. Akapita kuchipatala, pomwe azionana ndi dokotala atadikira pamzere pamthunzi, palibenso choonetsa. Amalandira mankhwala a mphere kapena a zipere n'kubwerera. Ena amathera kwa asing'anga kukatemedwa mphini. Kabuku kano n'kothandiza banja kuzindikira vutoli, kulifotokoza momveka kuchipatala, ndi kukonza ntchito zapakhomo kuti wodwala asatsekeredwe m'nyumba komanso asakakamizidwe kudzivulaza.

Chimachitika n'chiyani pakhungu

M'khungu la munthu aliyense muli maselo a chitetezo amene amasunga mankhwala achilengedwe otchedwa histamine. Maselowa amatulutsa histamine pakalowa chinthu chachilendo, monga ululu wa njuchi. Timitsempha ta magazi timatakasuka, madzi n'kudonthera m'khungu, pamalopo n'kutupa ndi kuyabwa. Akatswiri amaona kuti mwa munthu wodana ndi dzuwa, kuwala kukalowa pakhungu kumasintha kanthu kena ka m'thupi mwake momwemo, chitetezo n'kukayesa mdani, maselo aja n'kukhuthula histamine. Madzi odontha aja akabwerera m'mitsempha, kutupa kumatha. N'chifukwa chake zimabwera msanga n'kuchokanso msanga.

Matendawa sapatsirana. Mukhoza kugona pamphasa imodzi, kudyera mbale imodzi, kubwerekana zitenje, mayi akhoza kuyamwitsa mwana wake, palibe angatengere. Sabwera chifukwa cha uve, ndipo palibe wamulodza.

Choyambitsa ndi kuwala, osati kutentha. Dzuwa lili ndi kuwala kumene timakuona ndi maso, komanso kwina kosaoneka, kumene akatswiri amakugawa kuti UVA ndi UVB. Odwala ambiri amadana ndi UVA kapena kuwala kooneka ndi masoku, ndipo mitundu iwiriyi imadutsa pagalasi la zenera ngakhalenso pansalu yopyapyala. Munthu angatupe mkono ali m'minibasi mawindo ali otseka, kapena kutupa msana atavala bulauzi yoyera. Mitambo sitchinga zonse. Ndipo kumalo okwera monga ku Dedza kapena ku Nyika, kumene kamphepo kozizira kamaiwalitsa munthu za dzuwa, kuwala kosaonekaku kumakhala kwamphamvu kuposa kuchigwa.

Yang'anani nthawi, yang'anani malire

Zinthu ziwiri ndizo zimaulula matendawa, ndipo zonse banja lingazione popanda makina aliwonse.

Choyamba ndi nthawi. Ziwengo zimayamba munthu akadali padzuwa pomwepo kapena atangochokapo, kawirikawiri pasanathe mphindi 30. Zimaphwa pasanathe maola ochepa, ndipo sizipitirira maola 24. Ngati zotupa zayamba madzulo kapena m'mawa mwake, n'kukhala masiku angapo, ameneyo ndi matenda ena.

Chachiwiri ndi malire. Ziwengozi zimatsata pamene kuwala kwafika. Mukayang'anitsitsa mkono, mupeza kuti kutupa kwalekeza pomwe palekeza dzanja la malaya, mzere wake wowongoka. Pansi pa lamba wa wotchi, pansi pa zingwe za patapata, kunsi kwa chibwano, pamakhala pabwinobwino. Pakhungu lakuda ziwengozi sizifiira monga zimaonekera m'zithunzi za anthu oyera khungu. Zimangotukuka, mtundu wake wofanana ndi khungu kapena woderako pang'ono, mwina wotuwirako. Yendetsani chala pamwamba pake, mumva kuti pakwera. Mukaimika wodwala pafupi ndi khomo kuti kuwala kubwere cham'mbali, zimaoneka bwino kwambiri, ndipo nthawi yojambula chithunzi pafoni ndi yomweyo.

Pali chinthu china chosokoneza anthu. Nkhope ndi kunja kwa manja, zimene zimaona dzuwa tsiku ndi tsiku, nthawi zambiri sizitupa kwenikweni chifukwa khungu la pamenepo linazolowerako. Pamene pamatupa koopsa ndi pobisika masiku onse: msana, chifuwa, ntchafu, mapewa. Choncho wina akamati, "Nanga nkhope yako bwanji sinatupe?" sanagwire bodza ayi. Matendawa ndi mmene amakhalira.

Mwina si zimenezi

Popeza matendawa ndi osowa, khungu likamavuta padzuwa m'pofunika kuganiziranso zina zimene zimapezeka kwambiri kuno kwathu. Pa zonsezi, chimene sindifuna kuti banja lililonse lichiphonye ndi pelagra, chifukwa imapha koma imachizika mosavuta.

Pelagra imabwera thupi likasowa niacin, amene ndi vitamini B3. Imagwira anthu odalira nsima ya chimanga popanda ndiwo zokwanira, makamaka m'miyezi ya njala, komanso omwa mowa kwambiri. Mankhwala a TB otchedwa isoniazid amathanso kuiyambitsa mwa munthu amene chakudya chake n'choperewera kale. Khungu limada ndi kukhakhala pamene dzuwa limawomba: kuzungulira khosi monga povala mkanda, kunja kwa manja, pamikono ndi pamapazi, mbali zonse ziwiri mofanana. Kenaka limasweka n'kumasupuka. Sizichoka munthu akalowa m'nyumba. Pambuyo pake pamabwera kutsegula m'mimba, zilonda m'kamwa, kuiwalaiwala ndi kusokonekera mutu. M'chaka cha 1990, anthu oposa 17,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene ankakhala m'Malawi anadwala pelagra mtedza utasowa pa chakudya chimene ankalandira. Munthu wa zizindikiro zimenezi apite kuchipatala msanga kukalandira vitamini, ndipo pakhomo aziona mtedza, nsinjiro, nyemba, usipa, matemba kapena nyama ikapezeka. Chipewa chokha sichingamuchize.

Mankhwala ena amachititsa khungu kupsa msanga padzuwa: doxycycline, Bactrim, ciprofloxacin, griseofulvin, ndi hydrochlorothiazide amene ambiri amamwa chifukwa cha BP. Ngati vuto layamba mutangoyamba mankhwala atsopano, kanenenso kumene munawalandira kuti akaone chosintha. Musasiye nokha mankhwala a TB, ma ARV, Bactrim kapena a BP. Kachilombo ka HIV nakonso kamatha kupangitsa khungu kudana ndi dzuwa, motero kuyezetsa magazi n'kwanzeru.

Palinso totupa ting'onoting'ono toyabwa totuluka patapita maola angapo munthu atawombedwa ndi dzuwa, n'kukhala masiku ambiri. Palinso ziwengo zobwera ndi thukuta, zimene zimatuluka ngakhale usiku pophika pamoto, pothamanga kapena posamba madzi otentha, ndipo sizisamala za malire a zovala. Madzi a mandimu akatsalira pakhungu munthu n'kupita padzuwa amasiya mabanga akuda kapena matuza. Zidzolo za pamasaya ndi pamphuno zobwera pamodzi ndi kuphwanya kwa mfundo, kutopa ndi kuthothoka tsitsi zingakhale matenda a lupus, ofunika dokotala. Anthu achialubino vuto lawo ndi lina: khungu lawo limapsa ndi dzuwa chifukwa chosowa mtundu woliteteza, ndipo chiopsezo chawo chachikulu ndi khansa yapakhungu.

Popita kuchipatala

Pakuti ziwengo sizidikira dokotala, umboni muyenera kupita nawo. Pezani kope laling'ono. Kwa masabata awiri kapena atatu, lembani tsiku, nthawi imene wodwala anatuluka, zimene anavala, mphindi zimene zinapita asanayambe kuyabwa, malo amene anatupa, ndi nthawi imene zinaphwa. Lembaninso ngati anamva chizungulire kapena kubanika. Ngati wodwala sadziwa kulemba, mwana wasukulu angathandize. Tengani zithunzi zija, buku la kuchipatala, mankhwala onse amene akumwa, azitsamba omwe, ndi mafuta onse amene amadzola.

Mukalowa, musayambe ndi mawu akuti "thupi limandiyabwa" n'kulekera pomwepo. Nenani chonchi: "Adokotala, panopa palibe chikuoneka. Koma ndikakhala padzuwa mphindi 10 ndimatupa paliponse posavala, ndikalowa m'nyumba zimaphwa pasanathe maola awiri. Zithunzi zake ndi izi." Mawu amenewa amalozera dokotala njira kuposa kungomuonetsa mkono wosalala.

Kumayiko kumene kuli zipangizo, amayeza pounika kachigawo kakang'ono ka khungu lakumsana ndi nyali za kuwala kosiyanasiyana, n'kuona kumene kwatupitsa. Popanda nyalizo, dokotala angathe kuonetsa kachigawo kakang'ono padzuwa kwa mphindi zochepa iye akuyang'anira. Musayese zimenezi kunyumba povula malaya onse kuti anthu akhulupirire. N'zoopsa, monga tifotokozere kutsogoloku. Ngati kuchipatala chaching'ono zakanika, pemphani kalata yopitira kuchipatala cha boma, ndipo kuchokera kumeneko kwa oona za khungu kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Pemphaninso kuti dzina la matendawa lilembedwe m'buku la kuchipatala momveka.

Mankhwala

Mankhwala oyamba ndi otsekereza mphamvu ya histamine. Osagonetsa kwambiri ndi cetirizine, loratadine ndi fexofenadine. Munthu wamkulu amayamba ndi piritsi limodzi la 10 mg la cetirizine kapena loratadine patsiku. Chinsinsi chake n'kumwa musanatuluke, pafupifupi ola limodzi dzuwa lisanakuwombeni, osati mutatupa kale. Odwala ambiri amafunika kumwa tsiku lililonse, ndipo dokotala angathe kukweza mlingo ngati piritsi limodzi likuchepa mphamvu. Kukwezako n'kwa dokotala, osati kwa wodwala. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, mwana, ndi munthu wa vuto la impso ayambe afunsa.

Piriton amapezeka mosavuta ndipo amathandiza, koma amagonetsa. Woyendetsa galimoto, wa kabaza, msodzi wopita panyanja kapena wogwira ntchito pachigayo asamwe Piriton akupita kuntchito, ndipo asaphatikize ndi mowa.

Mankhwalawa sachotsa matenda. Amatalikitsa nthawi imene munthu angakhale panja asanatupe, ndi kuchepetsa kuyabwa. Kwa ena zimakwanira kuti moyo uziyenda bwino, kwa ena zimangopeputsako. Zikakanika, akatswiri a khungu ali ndi njira zina: kuzoloweretsa khungu pang'onopang'ono ndi nyali za kuchipatala, kapena jakisoni wa omalizumab, amene ndi wokwera mtengo kwambiri ndipo sapezeka wambawamba.

Ziwengo zikatuluka, wodwala alowe pamthunzi, aike nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, adzole calamine ngati alipo, ndipo asakande. Ndikuchenjezeni za mafuta oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika m'timachubu, amene ambiri amakhala ndi ma steroid amphamvu. Sathandiza pa ziwengozi, amapyapyalitsa khungu, ndipo amalisiya lopanda chitetezo padzuwa lomwelo. Mapiritsi a prednisolone nawonso si omwa mwezi ndi mwezi popanda dokotala. Amakweza shuga ndi BP ndi kufooketsa mafupa.

Nsalu iposa mafuta

Chitetezo chodalirika ndiponso chotsika mtengo ndi chovala. Posankha kumsika kapena pakaunjika, tambasulani nsaluyo moyang'anitsa kudzuwa. Ngati mukuona timabowo ta kuwala, kapena mukutha kuona chala chanu kuseri kwake, isiyeni. Yabwino ndi yolukidwa mothinana, ya mtundu wakuda, wabuluu wakuda kapena wofiira kwambiri. Ambiri amathamangira zoyera poti n'zozizira, koma nsalu yoyera yopyapyala imadutsitsa kuwala kochuluka, makamaka ikanyowa ndi thukuta. Kuti musavutike ndi kutentha, sankhani zotakasuka, zolowa mphepo kunsi. Malaya akhale a manja aatali ndi kolala, siketi kapena buluku lofika kuakakolo, nsapato zotseka ndi masokosi m'malo mwa patapata. Chitenje chokhuthala chofunda m'mapewa chimagwira ntchito yaikulu, ndipo chothetheka chikhoza kupindidwa pawiri. Duku ndi kapusi siziteteza makutu ndi khosi. Pamafunika chipewa chakhonde lalikulu. Ambulera yakuda ikhale ya masiku onse, osati ya mvula yokha.

Mafuta oteteza kudzuwa amathandiza, koma osati mofanana kwa onse. Nambala ya SPF yolembedwa pabotolo imanena makamaka za UVB. Funani a SPF 50 olembedwanso kuti amatchinga UVA. Kwa amene amadana ndi kuwala kooneka ndi maso, mafuta osaoneka akadzoledwa sachita kanthu kwenikweni. Othandizako ndi okhuthala, okhala ndi zinc oxide kapena titanium dioxide, makamaka amtundu wofiirira okhala ndi iron oxide. Amadzoledwa mokwanira mphindi 20 munthu asanatuluke, n'kubwereza pakapita maola awiri kapena akatuluka thukuta kwambiri. Mafutawa ndi odula. Ngati ndalama n'zochepa, yambani ndi chipewa, malaya ndi mapiritsi, mafuta akhale a kumaso, khosi ndi manja basi.

M'nyumba, ikani makatani okhuthala pazenera limene dzuwa limalowera. M'basi, wodwala akhale mpando wapakati kapena mbali yopanda dzuwa. Kunyanja akumbukire kuti madzi ndi mchenga zimabweza kuwala kuchokera pansi, kotero mthunzi wa mtengo pagombe sukwanira wokha.

Kugawana ntchito

Apa ndi pamene banja limaoneka ngati lamvetsa. Dzuwa limaluma kwambiri kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Ntchito ya wodwala ikonzedwe mozungulira maola amenewa. Kumunda alawirire mbandakucha, aweruke dzuwa lisanakwere, abwererenso chakumadzulo ngati mphamvu zilipo. Kumjigo, kudimba ndi kunkhuni n'chimodzimodzi. Masana agwire za pamthunzi: kutonongola chimanga, kuswa mtedza, kupeta, kuphika m'khitchini, kusoka, kuluka mphasa, kukhala muokala. Kuyanika ufa ndi zovala, kupita kuchigayo masana, kuima pamzere wa feteleza, zimenezi atenge ena. Ntchito sichepa, imangosintha manja. Apongozi ndi alamu auzidwe bwinobwino, makamaka ngati wodwala ndi mtengwa kapena mkamwini, pakuti iwowa ndiwo savuta kunenedwa ulesi ndipo amachita manyazi kudziyankhira.

Pamaliro, pazinkhoswe, patchalitchi kapena pamsonkhano wa amfumu, wachibale mmodzi ayambe wanena kwa oyendetsa mwambo kuti wodwala apatsidwe malo pamthunzi. Kumanda akhoza kuima patali pansi pa mtengo ndi ambulera, si mwano. Mwana wasukulu apite ndi kalata ya kuchipatala kwa aphunzitsi aakulu, yopempha kuti aloledwe kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali, kuima pamthunzi nthawi ya asembule, ndi kukhala kutali ndi zenera m'kalasi. Asaletsedwe kusewera, asewere m'mawa ndi madzulo.

Komabe musamutsekere wodwala mumdima. Khungu likasiya kuona kuwala kwa masiku angapo, kuzolowera kumene nkhope ndi manja zinali nako kumachepa, ndipo tsiku lotuluka limadzakhala loipa kuposa kale. Kutuluka pang'ono tsiku lililonse m'mawa kapena madzulo, mosapitirira mlingo umene iye amaudziwa, n'kwabwino kuthupi ndi mumtima momwe. Wopewa dzuwa kwa nthawi yaitali amathanso kuperewera vitamini D wolimbitsa mafupa. Mazira, chiwindi ndi nsomba zamafuta zimathandizako, ndipo dokotala angalembe mapiritsi ake.

Zikafika poopsa

Khungu lalikulu likawombedwa nthawi imodzi, histamine wochuluka amalowa m'magazi, ndipo vuto silikhalanso la pakhungu pokha. Izi zimachitika munthu akavula malaya kumunda, akamasamba kumtsinje kapena kunyanja masana, kapena akamachapa atamanga chitenje m'chifuwa msana uli pamtunda. M'madzi n'koopsa kawiri, chifukwa akachita chizungulire akhoza kumira. Wodwala azisamba m'bafa lofolera, kapena m'mawa kwambiri ndi madzulo.

Zizindikiro zofunika kuthamanga nazo ndi izi: kutupa milomo, lilime kapena zikope, mawu kusasa mwadzidzidzi, kubanika kapena kupuma kolira ngati mphumu, chizungulire, mutu waukulu, kusanza, mtima kuthamanga, thukuta lozizira, kukomoka. Mukaona chimodzi mwa izi pamodzi ndi ziwengo, muchotseni padzuwa nthawi yomweyo ndi kumufunditsa nsalu yokhuthala. Mugonekeni chagada, miyendo muikweze pampando kapena pathumba. Ngati akuvutika kupuma, akhale tsonga motsamira. Ngati wakomoka kapena akusanza, mugonekeni chammbali. Musamuimiritse kapena kumuyendetsa wapansi, ndipo musamumwetse kanthu ngati sakutha kumeza. Funani galimoto, ngolo kapena machira mwachangu, ndipo njira yonse akhale wofunditsidwa. Piriton yekha sapulumutsa munthu wofika pamenepa; mankhwala ake ndi jakisoni wa adrenaline wa kuchipatala. Mukafika musaime pamzere. Uzani anamwino kuti munthuyu ali ndi ziwengo zoopsa ndipo akubanika, n'kuwaonetsa buku la kuchipatala lija. Ngakhale atatsitsimuka panjira, pitirizani ulendo, chifukwa zizindikiro zimatha kubwereranso patapita maola angapo. Amene zinamuchitikirapo kamodzi akambirane ndi dokotala za chochita zikadzabwereza, ndipo aliyense wapakhomo, ana akuluakulu omwe, adziwe dongosolo lake.

Za kutsogolo

Kwa anthu ambiri matendawa amakhala zaka zingapo, mwina zambiri. Kwa ena amachepa mphamvu pang'onopang'ono, ndipo alipo amene amawathera okha. Kope lija lipitirire, ngakhale kamodzi pasabata, pakuti ndilo lidzasonyeza ngati mphindi zokhala panja zikuwonjezeka. Zikaoneka ngati zatha, wodwala asasiye mapiritsi ndi chipewa tsiku limodzi. Apite kaye kuchipatala ndi kopelo, ndipo kuyesa kuyambe ndi kachigawo kakang'ono ka mkono, m'mawa, pali munthu wina pafupi.